Mpingo ukasiya kubala: kupeza pamene pakuvuta ndi kukonza kwake

Chaka chilichonse mumabatiza anthu. Lamulungu lililonse pamakhala alendo awiri kapena atatu amene amaimirira, mpingo n'kuwalandira ndi m'manja. Koma mukayang'ana pa mabenchi, nkhope ndi zomwe zija, chiwerengero ndi chomwe chija cha zaka zisanu zapitazo, ndipo osenza ntchito za mpingo ndi anthu khumi omwewo amene anatopa kalekale. Atsogoleri mukakhala pansi, mankhwala amene amabwera m'mutu ndi odziwika: tiitanitse mlaliki wamphamvu, tikonze msonkhano wachitsitsimutso, tigule zokuzira mawu zatsopano. Mumachitadi zimenezo, tchalitchi chimadzaza milungu itatu, kenako zonse zimabwerera mwakale. Paja madzi saiwala khwawa.

Khwawa limeneli ndi khalidwe la mpingo, zija aliyense amadziwa kuti "kuno timatere" ngakhale sizinalembedwe m'malamulo. Mkhristu watsopano amaliphunzira m'miyezi yochepa popanda womuuza. Amaona amene amapatsidwa mpata wolankhula, amene amayamikiridwa kutsogolo, zimene zimamuchitikira munthu akalakwitsa, ndiponso kumene chopereka chimapita. Okumba khwawali ndife abusa ndi akulu ampingo, ndipo khasu lake ndi zinthu zimene timabwereza sabata ndi sabata. Mutha kulalikira Mateyu 28 kanayi pachaka, koma ngati funso loyamba pa msonkhano wa akulu nthawi zonse lili lakuti "chopereka chinakwana zingati?", mpingo umadziwa bwino lomwe chimene chili pamtima panu, ndipo umatsata chimenecho.

Yambani ndi mapepala awiri

Musanasinthe kanthu, tengani buku la mayina mulembe anthu onse amene analowa mumpingo m'zaka ziwiri zapitazi. Pa dzina lililonse yankhani mafunso atatu: munthuyu ali kuti lero, mnzake weniweni mumpingo muno ndani, nanga anapatsidwa ntchito yanji? Chitani zimenezi muli pamodzi ndi akulu ampingo. Padzatchulidwa dzina, chipinda chonse n'kukhala zii, aliyense kuyang'ana mnzake. Musafulumire kupita ku dzina lotsatira, pakuti manyazi amenewo ndi amene amatsegula makutu a atsogoleri kuposa ulaliki uliwonse.

Papepala lachiwiri lembani ntchito zonse zimene zingaime abusa atadwala miyezi itatu. Mapepala awiriwa akuuzani kuti vuto lanu lili pati mwa mavuto ali m'munsiwa. Nthawi zambiri silikhala limodzi lokha.

Anthu akubwera koma sakukhazikika

Ngati mayina ambiri papepala loyamba simukudziwa kumene ali, musawonjezere misonkhano yokopa anthu, mungakhale mukutungira madzi m'dengu. Munthu sakhazikika pamalo pamene akajomba palibe amene amazindikira. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo milungu yoyambirira ndiyo imagamula ngati akhale kapena apite.

John Wesley, woyambitsa gulu la a Methodist, anapeza mankhwala a vutoli mosayembekezera. Mu February 1742 a Methodist a mumzinda wa Bristol ku England anali ndi ngongole ya nyumba yawo yopemphereramo. Anagwirizana zogawa anthu m'magulu a anthu pafupifupi 12, ndipo mtsogoleri wa gulu azikatolera peni imodzi kwa aliyense sabata iliyonse. Atsogoleriwo poyenda khomo ndi khomo anayamba kupeza zambiri kuposa ndalama: uyu akudwala, uyu wayambiranso kuledzera, awa sakulankhulana m'banja. Wesley anaona kuti apa ndi pamene ubusa weniweni unali, ndipo magulu aja anayamba kukumana sabata ndi sabata kuti aliyense afotokoze mmene moyo wake wauzimu ukuyendera. Pamene ankamwalira mu 1791, a Methodist a ku Britain ndi Ireland anali oposa 70,000, ndipo aliyense ankayenera kukhala m'gulu lotere, lokhala ndi mtsogoleri womudziwa dzina.

Kaya kwanu magulu otere mumawatcha milaga, miphakati kapena maselo, chofunika ndi kagwiridwe kake. Mlendo asauzidwe pa zolengeza kuti "magulu amakumana Lachinayi, mupezeko lanu". Munthu mmodzi amutenge n'kupita naye sabata yomweyo. Isanathe miyezi itatu apatsidwe kantchito kogwirizana ndi msinkhu wake m'chikhulupiriro: kuwerenga Mawu pagulu, kuperekeza wina kukaona wodwala, kulandira alendo anzake. Atsogoleri a magulu akamapereka malipoti azitchula mayina a amene sanabwere ndi amene anapita kukawaona, asamangonena kuti "tinalipo 14".

Mukachita zonsezi anthu n'kumachokabe, kachezeni m'magulumo mosalengeza. Kawirikawiri mudzapeza chimodzi mwa ziwiri. Mwina gulu linasanduka katchalitchi kakang'ono, mtsogoleri amalalikira ola lathunthu ena ali duu. Kapena ndi gulu la anthu amene anazolowerana kwa zaka khumi, amaseka nthabwala zimene mlendo sakuzimva, ndipo iye amakhala pakati pawo ngati wolowerera. Vuto loyambalo limatha mukaphunzitsa atsogoleri kufunsa mafunso ndi kudikira mayankho. Lachiwirilo ndi louma, ndipo nthawi zambiri njira yachidule ndi kuyambitsa gulu latsopano la anthu atsopano.

Chilichonse chikudikira abusa

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndipempha abusa anzanga muwerenge mofatsa chifukwa vutoli limavala nkhope ya kudzipereka. Wodwala sakhutira akapemphereredwa ndi mkulu wampingo, amafuna abusa. Komiti singagule ngakhale tsache abusa asanavomere. Foni imalira usiku ndi usana. Anthu amati "abusa athu ndi olimbikira", ndipo mawu amenewo amakoma m'khutu. Koma mpingo wotere umakula kufika pamene mphamvu za munthu mmodzi zathera, n'kuima pomwepo. Katswiri wina wa ku Britain, Robin Dunbar, analemba m'zaka za m'ma 1990 kuti munthu amatha kusunga ubale wokhazikika ndi anthu pafupifupi 150. Akatswiri anzake amatsutsana naye pa nambala yeniyeniyo, koma m'busa aliyense amadziwa kuti malirewo alipo. Kupitirira pamenepo mayina amayamba kusokonekera, ena amadwala mpaka kuchira inu osamva, ndipo amene akuona kuti aiwalidwa amachoka mwakachetechete. Obwera ndi ochoka amafanana, chiwerengero n'kuima.

Vutoli ndi lakale. Pa Eksodo 18 Yetero anapeza Mose akuweruza anthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo anamuuza mosabisa kuti adzafooka iye pamodzi ndi anthuwo. Anamulangiza kuika atsogoleri a anthu 1,000, a 100, a 50 ndi a 10, kuti kwa iye kuzifika milandu yovuta yokha. Mpingo wa ku Yerusalemu unayamba ndi anthu pafupifupi 120, tsiku la Pentekoste unalandira ena 3,000, ndipo pofika pa Machitidwe 6 dandaulo linabuka lakuti amasiye olankhula Chigriki akuiwalidwa pa kugawa kwa tsiku ndi tsiku. Atumwi sanalonjeze kuti alimbikira koposa. Anauza mpingo kuti usankhe amuna asanu ndi awiri, ndipo onse amene anasankhidwa ali ndi mayina a Chigriki, zomwe zikusonyeza kuti ntchito inaperekedwa kwa anthu a mbali yodandaula ija. Ndime yotsatira ikuti ophunzira anachulukana kwambiri. Awiri mwa asanu ndi awiriwo, Stefano ndi Filipo, sanathere pa kugawa chakudya, anadzakhala alaliki.

Nkhani ya David Yonggi Cho, m'busa wa ku Seoul ku South Korea, ndi yomweyi. Anayamba mpingo m'tenti mu 1958, ndipo pofika 1964 unali ndi anthu oposa 2,000, iye akuyesa kuchita zonse yekha mpaka anakomoka ndi kutopa. Ali chigonere anaganiza zogawa mpingo m'magulu okumana m'nyumba. Atsogoleri aamuna anakana, amayi ndiwo anavomera, ndipo mpingo wakewo, wotchedwa Yoido, unadzakhala umodzi mwa mipingo yaikulu kwambiri padziko lonse. Ndiyenera kunenanso kuti mu 2014 khoti linamupeza Cho wolakwa pa nkhani ya ndalama za mpingo. Iye anagawa ntchito ya ubusa, koma nkhani yakeyi ikutikumbutsa kuti kukula kwa mpingo sikulowa m'malo mwa anthu okhoza kufunsa mtsogoleri mafunso ovuta.

Kukonza kwake kumayamba ndi lamulo limodzi limene mudziikire nokha: musapite ku ntchito ya ubusa muli nokha ngati nkhani yake si yachinsinsi. Kokaona wodwala, kokayanjanitsa abale, kokonzekera ulaliki, tengani munthu. Ulendo woyamba aone, pobwerera mukambirane zimene waona. Ulendo wina apemphere ndiye, inu muli pambali. Kenako atsogolere zonse inu mukumvetsera, ndipo pomaliza apite yekha atatenga wina wake. Marko 3:14 akuti Yesu anasankha khumi ndi awiri kuti akhale naye ndi kuti awatume, ndipo kukhala naye ndiko kunayamba. Semina ya masiku atatu yokhala ndi satifiketi siingalowe m'malo mwa kuyenda limodzi kumeneku.

Gawo lovuta limabwera wophunzira uja akalakwitsa, ndipo adzalakwitsa ndithu. Adzalalikira mozungulira, adzaiwala dzina la womwalira, adzatalikitsa pemphero. Zimene mudzachite tsiku limenelo ndi zimene zidzaumbe khalidwe la mpingo kwa zaka zambiri, chifukwa achinyamata onse adzakhala akuyang'ana. Mukamukonza pagulu, kapena mukalanda maikolofoni, palibenso adzadzipereke. Chitani monga anachitira Priskila ndi Akula pa Machitidwe 18: atamva Apolo akuphunzitsa moperewera anamutengera pambali n'kumufotokozera bwino, ndipo Apolo anapitiriza ntchito. Kumbukiraninso Yohane Marko amene anathawa pa ulendo woyamba wa utumiki wa Paulo ndi Barnaba, Paulo n'kumukana. Barnaba anamutenga, ndipo patapita zaka Paulo yemweyo analembera Timoteo kuti abwere naye Marko chifukwa ndi wothandiza pa utumiki.

Mpingo nawonso uyenera kuphunzitsidwa kulandira utumiki wa ena. Wina akadandaula kuti "abusa simunabwere", musapepese ngati kuti amene anapita aja sanali kanthu. Muuzeni mwaulemu kuti mpingo unabwera, ndipo mutchule mayina a amene anafika. Pa guwa fotokozani zimene Mulungu wachita kudzera mwa anthu wamba, mowatchula, kawirikawiri kuposa nkhani za utumiki wanu. Anthu amathamangira chimene chikuyamikiridwa.

Chenjezo lilipo: Paulo anauza Timoteo kuti woyang'anira mpingo asakhale wongotembenuka kumene, ndiponso kuti asafulumire kusanjika manja pa munthu. Ntchito gawani msanga, udindo waukulu perekani mutauona moyo wa munthu kwa nthawi.

Akulu akale akutsekereza

Nthawi zina abusa ndi okonzeka koma pali anthu atatu kapena anayi amene anamanga mpingo ndi manja awo, ndipo chilichonse chatsopano amachiyankha ndi mawu akuti "sitinachitepo zimenezi". Musawaone ngati adani. Ambiri a iwo akuopa kuti akatula ntchito adzaiwalidwa, ndipo mantha amenewo ali ndi maziko chifukwa anaonapo anzawo atatayidwa. Pitani kwa aliyense payekha nkhani isanafike pa msonkhano. Mupempheni chinthu chimodzi: asankhe munthu wachinyamata woti amuphunzitse ntchito imene iye amaidziwa. Ndiye pamaso pa mpingo muzilemekeza mkulu chifukwa cha anthu amene wawakuza, kuposa zaka zimene wakhala pampando. Kuika malire a zaka za udindo kumathandizanso, koma lamulolo liyambe ndi komiti imene inu mumatsogolera.

Alipo ena ochepa a mtima wa Diotrefe wa pa 3 Yohane, wofuna kukhala woyamba ndi wotsekera ena kunja. Amenewo salabadira kunyengerera. Afunika kuuzidwa zoona ndi atsogoleri awiri kapena atatu, motsata malamulo a mpingo wanu.

Magulu alipo koma sakugawikana

Gulu la anthu 30 si laling'ononso: amanyazi salankhula, ndipo nyumba siikwana. Likamakana kugawikana, chifukwa chake chimakhala chakuti palibe anawauza pachiyambi kuti tsiku limenelo lidzafika, ndiponso palibe wachiwiri amene anakonzedwa. Gulu lililonse liyambe ndi mtsogoleri ndi wophunzira wake kuchokera tsiku loyamba. Pogawa, musadule mndandanda pakati ngati mukugawa katundu. Mtsogoleri wakale atuluke ndi anthu atatu kapena anayi kukayamba kwina, gulu lokhazikika alisiyire wophunzira uja, chifukwa ntchito yolimba ndi yoyambitsa gulu pamalo patsopano. Tsikulo likhale lachikondwerero, apemphereredwe pamaso pa mpingo wonse, ndipo magulu awiriwo azikumanabe kamodzikamodzi kuti anthu aone kuti ubale sunathe.

Mukuopa kutsegula nthambi, kapena nthambi siikukula

Mantha ake ndi omveka: tikatulutsa mabanja khumi, chopereka chitsika, kwaya ifooka. N'zoona, zidzatero kwa kanthawi, ndipo ndi bwino kuuza mpingo zimenezo poyera. Koma taonani Antiokeya. Pa Machitidwe 13 patchulidwa aneneri ndi aphunzitsi asanu, ndipo amene anatumidwa anali Barnaba ndi Saulo, omwe anaphunzitsa mpingowo chaka chathunthu. Anatulutsa awiri mwa asanu, ndipo anali odalirika kwambiri. Ku Herrnhut ku Germany, kagulu ka Akhristu otchedwa a Moravian ka anthu mazana ochepa kanatumiza Leonard Dober ndi David Nitschmann kukalalikira ku chilumba cha St Thomas ku Caribbean mu 1732, osadikira kuti kayambe kachuluka. Mpingo umene umatumiza ku nthambi anthu amene ukufuna kuthana nawo usadabwe nthambiyo ikafota. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo malo amene otumidwa asiya ndi amene amadzutsa anthu amene anakhala pa benchi zaka zambiri poganiza kuti safunika.

Nthambi imene yatha zaka zisanu ikudikirabe mlaliki, ndalama ndi chilolezo kuchokera ku likulu ili ndi matenda ena: inaleredwa ngati khanda losayenera kukula. Henry Venn wa Church Missionary Society ndi Rufus Anderson wa ku America, atsogoleri a mabungwe otumiza mamishonale m'zaka za m'ma 1800, anaphunzitsa kuti mpingo watsopano uyenera kudzilamulira, kudzidalira pa chuma, ndi kufalitsa Uthenga pawokha. John Nevius, amene ankatumikira ku China, anakafotokozera mamishonale a Presbyterian ku Seoul mfundo zonga zimenezi mu 1890: okhulupirira amange nyumba yopemphereramo imene angaikwanitse okha, aliyense aphunzire Baibulo ndi kuphunzitsa wina, ndipo atsogoleri achokere pakati pawo. Olemba mbiri ambiri amati njira imeneyi inathandiza kwambiri kukula kwa mpingo ku Korea. Choncho gwirizanani ndi nthambi kuyambira pachiyambi za chaka chimene thandizo lidzayambe kuchepa, zinthu zimene angagamule okha lero, ndi tsiku limene adzaime paokha. Lembani, ndipo musunge pangano ngakhale mutaona kuti akuchita zinthu mosiyana ndi inu.

Chiwerengero chakwera, koma ndi nkhosa za khola lina

Bwererani ku pepala loyamba lija muike chizindikiro pa amene sankapemphera kulikonse asanabwere kwa inu. Akakhala ochepa kwambiri, mpingo wanu watupa ndi anthu a mipingo ina, ndipo amene anabwera chifukwa cha nyimbo zabwino adzapitanso kwina zikamveka zabwino koposa. Yang'anani kalendala yanu. Mkhristu amene ali kutchalitchi madzulo asanu pa sabata alibe nthawi yocheza ndi mnansi wake wosapemphera. Chotsani misonkhano ina, ndipo inu abusa mukhale ndi anzanu osapemphera amene mumacheza nawo, apo ayi mpingo sudzakhulupirira kuti mukunena zoona.

Mwakonza, koma patapita chaka zabwereranso

Izi zimachitika kawirikawiri, ndipo chifukwa chake n'chakuti munasintha mapulogalamu koma mafunso a pa msonkhano wa akulu anatsala akale. Sinthani ndondomeko ya zokambirana: nkhani ya anthu atsopano, ophunzira utsogoleri ndi magulu oyandikira kugawikana ibwere poyamba anthu asanatope, ya ndalama ndi nyumba ibwere pambuyo. Mu bajeti muoneke ndalama ya kuphunzitsa ndi kutuma anthu, ngakhale yochepa, ndipo isakhale yoyamba kudulidwa zinthu zikathina. Mapepala awiri aja muziwalembanso miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, n'kuwayerekeza ndi akale.

Malo ena amene vutoli limabisala ndi mwa atsogoleri amene inu munawaphunzitsa. Munthu amene anadikira nthawi yaitali kuti apatsidwe mpata amaugwira ndi manja awiri, ndipo posachedwa gulu lake kapena nthambi yake imayamba kumudikira iye pa chilichonse monga mpingo unkakudikirirani inu. Pa 2 Timoteo 2:2 pali mibadwo inayi: Paulo, Timoteo, anthu okhulupirika, ndi ena amene iwowo adzawaphunzitse. Ku Efeso Paulo anaphunzitsa zaka ziwiri m'sukulu ya Turano, ndipo mpingo wa ku Kolose unamva Uthenga kwa Epafra, anthu ake ambiri asanaonepo nkhope ya Paulo. Ndiye dziyeseni motere: tchulani munthu amene munamuphunzitsa, kenako tchulani amene iyeyo akumuphunzitsa panopa. Dzina lachiwirilo likasowa, pitani kwa woyambayo sabata ino, mumuperekeze ku ntchito yake, ndipo pobwerera mumufunse kuti ulendo wotsatira adzatenga ndani.